Usiku Umene Ambuya Anakana Chithunzi Chawo

Ambuya anayang'anitsitsa kagalasi ka kumbuyo kwa kamera, mutu ataukankhira kumbuyo ngati mmene amachitira akamalowetsa ulusi pa singano. Anakhala chete nthawi yaitali moti ndinayamba kudzimva kuti apa ndagwira ntchito. Kenako anandibwezera kamera ija.

"Ameneyu ndani?"

"Ndinu, Ambuya."

"Iyayi. Uyu ndi mayi wina amene galimoto yamuunika pamsewu usiku. Fufuta."

Mlongo wanga anaseka mpaka kugwira khoma. Ine ndinaseka nawo, koma mumtima zinandilasa. Panthawiyo n'kuti nditajambula kale ma kitchen party angapo, anthu akundilipira, ena mpaka kumanditcha kameramani pamsewu.

Malaiti atapita

Unali Seputembala wa 2024. Amene munali mu Lusaka chaka chimenecho simufunika kukumbutsidwa. Mvula inakana, madzi ku Kariba anatsika, ndipo kwathu ku Chilenje malaiti ankabwera pakati pa usiku ngati mfiti, n'kuchoka tambala asanalire. Ambuya anali atabwera kuchokera ku Katete kudzaonetsa mawondo awo kuchipatala, ndiye ankagona kwathu, m'kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba ya alandilodi.

Usiku wachitatu, titatha nsima ya pa mbaula, anati, "Iwe mwamuna wanga, ndamva kuti umakopa anthu. Undikope nane. Chithunzi changa chili pa chitupa pokha, ndipo pamenepo ndikuoneka ngati ndagwidwa ndi mbuzi ya eni." (A ku Malawi musaseke. Kuno kukopa ndi kujambula.)

Analowa kuchipinda, anavala chitenje chatsopano chimene ankasungira tsiku lobwerera, anamanga duku, anadzola mafuta kumaso. Anakhala pampando manja pamawondo, msana woongoka ngati ali pa benchi yakutsogolo ku tchalitchi.

Ine ndinachita zimene ndinkachita masiku onse: fulashi pamwamba pa kamera, kuwaloza nayo pamaso, phaa! Chinatuluka ndi chipumi chonyezimira ngati poto wokwecha ndi mchenga, maso otsinzina theka, nkhope yaphwatalala yopanda masaya, ndi chimthunzi chakuda pakhoma ngati kumbuyo kwawo kwabisala munthu wina.

Zimene zinali m'chikwama

Kamera yanga ndi Canon 600D yogula kwa munthu, ndi lenzi ya 50mm. Fulashi ndi Godox TT600, ija yodya mabatire anayi a AA. Siidziyezera yokha kuwala. Mphamvu umaikira wekha, kuyambira yonse mpaka kagawo ka 1/128. Tsiku logula, wogulitsa anandinyengerera kuti nditengenso katiriga, kabokosi kokhala pamwamba pa kamera komwe kamauza fulashi pa wailesi kuti yaka tsopano, ngakhale fulashiyo ili uko kukona. Ndinakatenga chifukwa cha manyazi chabe. Kanakhala m'katoni mwake miyezi 8.

M'mutu mwanga situdiyo inali ya anthu a ku Kabulonga: chipinda chachikulu, magetsi akuluakulu olumikiza kukhoma, chipepala choyera chotsika kuchokera kudenga. Ndinkaika pambali kandalama mwezi ndi mwezi kuti tsiku lina ndidzagule magetsi amenewo. Ndikanawagula chaka chimenecho, akanangokhala pakona limodzi ndi firiji yathu, imene inali itasanduka kabati ya mbale.

"Tandipatsa kanyali kako"

Ambuya sanagwirepo kamera chibadwire. Anangotambasula dzanja kuloza kanyali ka sola kamene kanali patebulo, n'kuitana mlongo wanga kuti agwade patsogolo pawo. Anamuunika pamphuno penipeni.

"Ukuona chiyani?"

"Nkhope, Ambuya."

"Nkhope ya ndani? Apa aliyense ndi mwezi."

Kenako anasuntha kanyali kaja pang'onopang'ono kupita kumbali, n'kukakweza pang'ono kupitirira khutu. Mphuno inatuluka. Tsaya limodzi linawala, linalo linalowa mumdima pang'ono, ndipo kabowo ka patsaya kamene mlongo wanga anatengera kwa amayi kanaonekera.

"Eya. Uyu ndiye mwana wa mwana wanga," anatero. "Kumudzi mlendo akaodira usiku, koloboyi sitimuikira pamaso. Timaika pambali, pa kashelefu, kuti tione bwino ngati wabwera ndi mtendere kapena ndi uthenga."

Chondipweteka n'choti zimenezi ndinali nditazimva kale. Mabandulo anga ambiri anathera pa YouTube. Ndinkadziwanso za David Hobby, wojambula wa nyuzipepala ku Baltimore amene mu 2006 anayambitsa tsamba la pa intaneti lotchedwa Strobist, n'kumaphunzitsa anthu chinthu chimodzi chomwechi: chotsani fulashi pa kamera. Koma ndinkangoti ndi za azungu okhala ndi zipangizo. Panafunika dzanja la Ambuya, lonjenjemera pang'ono, litanyamula kanyali ka pa Soweto Market.

Katoni ka tiriga ndinakang'amba ndi mano.

Tinalibe sitandi, ndiye fulashi tinaimangirira ndi labala ku mtengo wa mopu, mlongo wanga n'kuugwira. Chithunzi choyamba chinatuluka theka lakuda bii, ngati wina watsitsa katani. Mumdimamo chala changa chinali chitapotoza gudumu la liwiro la chitseko cha kamera mpaka 1/500 ya sekondi. Chitseko cha kamera ngati yangayi chili ndi timakatani tiwiri: koyamba kamatsegula, kachiwiri kamatsatira kutseka. Liwiro likapitirira 1/200, kachiwiri kamanyamuka koyamba kasanafike kumapeto, choncho palibe nthawi imene khomo lonse lili lotsegula. Fulashi imang'anima kamodzi, mwachangu zedi, ndiye mbali imene yaphimbidwa imatuluka yakuda. Ndinabweza pa 1/200.

Chachiwiri chinali ndi nkhope ndithu, koma yaukali. Mthunzi wa mphuno unali wakuthwa ngati wodula ndi mpeni, khwinya lililonse ngati ngalande.

"Tsopano wandikalambitsa kuposa amayi anga," anatero Ambuya.

Apa ndi pamene ndinakumbukira chingwe chimene timayanikapo zovala m'nyumba nthawi ya dzinja, chochoka pa msomali wa pachitseko kukafika ku zitsulo za pawindo. Ndinavula shiti yoyera pabedi n'kuikoloweka pamenepo ndi mapegi, kumanzere kwa Ambuya, kutsogolo pang'ono, pafupifupi mita imodzi kuchokera pankhope pawo. Mlongo wanga anaima kuseri kwa shitiyo, mita inanso, mopu m'mwamba. Pa mphamvu ya 1/4 kunawala mopitirira. Ndinatsitsa kufika 1/8, bowo la lenzi lolowera kuwala pa f/5.6, ISO (mlingo wa mmene kamera imamvera kuwala) pa 200.

Tsaya lakumanja linali lakuda kwambiri. Mwana wa alandilodi, amene anabwera kudzaona kuti kukung'anima chiyani kopanda mvula, tinamupatsa chivundikiro cha kaylite cha bokosi loziziritsira zakumwa kuti achigwire kumanja kwa Ambuya, chiyang'anizane ndi shiti. Lenzi inkasakasaka mumdima osapeza poima, ndiye ndinayatsa tochi ya foni n'kuiika pansi moloza m'mwamba, yongokwanira kuti kamera ione diso.

Phaa.

Patsaya lamanzere panali mphini zitatu, timizere tating'ono tondondozana. Nkhope imeneyi ndaidziwa zaka zoposa 30, koma mphinizo sindinazionepo pa chithunzi chilichonse, ndipo kunena zoona ngakhale ndi maso ndinali nditasiya kuziona. Kuwala kodutsa chammbali kunagwera m'kamzere kalikonse n'kusiya kamthunzi kake. M'maso monse muwiri munali kawindo koyera, chithunzi cha shiti yathu yomweyo. Khungu linali lakuda monga liliri, losalala ngati mtsuko wakale.

Ambuya anayang'ana, mutu kumbuyo ngati poyamba paja. Anagwira tsaya lawo ndi chala.

"Anandicheka ndi azakhali anga, ndili namwali. Anapakamo makala osinja. Sindinalire." Anakhala kaye chete. "Uyu ndiye ine. Koma duku lapendeka. Bwereza."

Tinabwereza ka 14.

Chimene shiti ija inachita

Mawa lake ndinakhala pansi kudzifunsa, chifukwa sindinkafuna kuti zikhale za mwayi.

Nkhope ya fulashi ndi yaing'ono ngati sopo wosambira. Kuwala kochokera pa kanthu kakang'ono kumasiya mithunzi yakuthwa, monga dzuwa la masana mu Okutobala. Fulashi ikamenya shiti, chimene chikuunika munthu si fulashinso koma shiti yonse, ndipo kuwala kumafika kuchokera m'mbali zambiri, monga tsiku la mitambo. Mukaiyandikitsa kwa munthu, mithunzi imafewerafewera. Mukaitalikitsa, imayambanso kuuma, ngakhale nsaluyo ndi yomweyo.

Ndiye pali nkhani ya mtunda, imene inandichititsa kusiya kunyoza kachipinda kathu. Mukawirikiza mtunda kawiri, kuwala sikutsala theka ayi, kumatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Katatu, limodzi mwa magawo 9. Ambuya anali mita imodzi kuchokera pa shiti, khoma lakumbuyo linali ngati mamita atatu. N'chifukwa chake khoma lathu lakirimu, lokhala ndi kalendala ndi zipsera za mvula, linatuluka lotuwa moderako, loyera bwino ngati ndinalipira wopenta. Munthu mukamukhazika atatsamira khoma, zonsezi mwaziphonya, ndipo chimthunzi chija chabwerera.

China chimene chinandichedwa kulowa m'mutu: liwiro la chitseko silikhudza kuwala kwa fulashi, bola musapitirire malire aja. Limakhudza kuwala kwa m'chipinda. Fulashi mumailamulira ndi mphamvu yake, mtunda, bowo la lenzi ndi ISO. Malaiti atabwera tsiku lina madzulo ndinayesa babu ili chiyakire, ndipo pa 1/200 ndi f/5.6 babuyo sinaoneke n'komwe pa chithunzi.

Zimene ndinagula, ndi zimene ndinataya nazo ndalama

Kandalama ka magetsi akuluakulu kaja ndinakathyola. Ndinagula sitandi imodzi, kachitsulo kolumikizira fulashi ku sitandi, ndi ambulera yoyera yojambulira, ija kuwala kumadutsamo. Imagwira ntchito ya shiti yomweyo, kungoti siifuna mlongo wako. Ku Kamwala ndinagula mamita atatu a nsalu yotuwa yosanyezimira ndi atatu akuda. Musatenge yonyezimira ngakhale ikongole bwanji pashopu, imabweza fulashi ngati galasi. Ndimaikoloweka pa paipi ya pulasitiki ya madzi, ndipo kusita ndi ntchito imene sindinaizembe mpaka lero. Kaylite ndinapeza wamkulu, wa m'katoni ya firiji, kwa mnzanga wokonza mafiriji ku Kabwata. Sanandilipiritse.

Mabatire ndiye mtima wa zonse. A pa kantemba amafa musanamalize banja limodzi, ndipo mukawaiwala m'fulashi amatha kutuluka madzi oyera aja n'kudya zitsulo. Ndinagula otchaja a NiMH, ma Eneloop, magulu awiri a anayi anayi. Chaka cha mdima chija ndinkagona tchaja chili kukhoma, kuti malaiti akabwera usiku apeze ntchito ikuwadikira. Ndinaphunziranso kusaithamangitsa fulashi pa mphamvu yonse. Imachedwa kudzaza, mwana amene anamwetulira wasiya kale, ndipo mukaumiriza kambirimbiri motsatizana imatentha n'kuyamba kupumira. Ndi bwino kukweza ISO kufika 400 n'kukhala pa 1/4 kapena 1/8.

Ndinataya ndalama pa softbox yaikulu ya masentimita 120, chibokosi cha nsalu chimene amaikamo fulashi kuti kuwala kufewe. Pa foni inkaoneka bwino. M'chipinda mwathu imagunda denga isanakwere kupitirira mutu wa munthu woimirira, ndipo poitsegula mkazi wanga amayenera kutuluka ndi mpando wake. Ili pansi pa bedi.

Phazi la fulashi ndinathyola ndekha. Ndinatulutsa ambulera pabwalo tsiku la mphepo, ndinatembenuka kukatenga kamera, ndipo sitandi inagwa chagada pa simenti. Kuyambira pamenepo pa sitandi pamalendewera chigubu cha madzi cha malita 5, kaya ndi m'nyumba.

Kumenyetsa fulashi kukhoma kapena kudenga ndi njira yaulere, koma yang'anani kaye penti. Ku Mtendere ndinajambula khanda m'chipinda cha makoma obiriwira, ndipo mwanayo anatuluka ngati akudwala. Kuwala kumatenga mtundu wa chimene kwagunda. Nyumba yopanda siling'i, ya malata okhaokha, musavutike n'komwe.

Fulashi yachiwiri ndinadikira miyezi 6, ndipo ndikulangiza aliyense kudikira. Imodzi ikakuphunzitsani zake zonse, yachiwiri mudzadziwa poiika: kumbuyo, kuti ijambule mzere wowala m'mphepete mwa tsitsi ndi phewa, munthu wovala zakuda asamire mu nsalu yakuda. Pogula samalani mtundu. Godox ndi Yongnuo zonse zimalankhula pa wailesi ya 2.4 GHz koma sizimvana, ngati Mlozi ndi Mtumbuka pa basi imodzi. Ngati muli nazo kale zosiyana, ikani inayo pa S1, iziyaka ikangoona inzake yang'anima. Ndipo mukapeza fulashi yakale ya nthawi ya filimu pa salaula ya zamagetsi, musaikhomeke pa kamera yanu musanafufuze. Zina, monga ma Vivitar 283 oyambirira, zimakhala ndi mavolti oposa 200 paphazi, okwanira kuwotcha kamera ya masiku ano.

"Mundiyeretseko"

Mawu amenewa ndimawamva pafupifupi sabata iliyonse, ndipo kale ndinkangomvera: kuwonjezera kuwala mpaka munthu atuwe, kenako kukamalizitsa pa kompyuta. Ojambula ambiri m'tauni muno timachita zimenezi, ndipo zithunzi za maukwati zadzaza anthu a phulusa amene abale awo sawazindikira.

Khungu lakuda limaonetsa maonekedwe ake mwa kunyezimira. Kuwala kochokera pa kanthu kakang'ono kumasiya kadontho koyera pachipumi, kena pamphuno, kwina konse mdima, ndiye wojambula amaganiza kuti vuto ndi kuchepa kwa kuwala n'kuwonjezera mphamvu. Ambulera ikakhala pafupi, kunyezimirako kumayala tsaya lonse mofewa, ndipo munthu amaoneka wowala asanasinthidwe mtundu. Amene wadzola mafuta ambiri ndimamupatsa tishu kuti agunditse pachipumi ndi pamphuno pokha. Osapukuta onse, khungu louma limatuwa.

Seydou Keïta, amene anatsegula situdiyo yake ku Bamako mu 1948, ankajambula anthu pabwalo ndi kuwala kwa tsiku, ndipo nsalu yake yoyamba yakumbuyo inali yoyala pabedi pake. Zithunzi zake zikupachikidwa m'nyumba zazikulu zachionetsero kunja. Nditamva za nsalu ya pabediyo ndinaiyang'ana ndi diso lina shiti yathu, imene mkazi wanga anali atailanda kale n'kuibwezera pamalo pake.

Ku Katete

Chithunzi cha Ambuya ndinachitsukitsa chachikulu, n'kuchiika m'felemu, ndipo anapita nacho atachikulunga m'chitenje, pamiyendo ulendo wonse wa Great East Road. Chaka chotsatira mu Ogasiti, sabata ya Kulamba, pamene aliyense wa kwathu amapezeka ku Mkaika kwa Kalonga Gawa Undi, nane ndinapita. Situdiyo yonse inakwana m'chikwama chimodzi, kupatula sitandi ndi ambulera zimene kondakitala anafuna kuzilipiritsa ngati munthu.

Ndinapeza Ambuya atalengeza kale ku tchalitchi. M'mawa wa Lachisanu pakhonde panali azimayi 11, aliyense ndi chitenje chake cha m'sutikesi. Tinajambulira m'nyumba, chitseko chotseka, nsalu yotuwa itakolowekedwa pa mtanda wa denga. Ambuya anakhala pambali pa mpasa ngati kapitawo, akuwongola maduku a anzawo ndi mawu.

Wachisanu ndi chiwiri anali mnzawo wa Ambuya wa kalekale, wa mphini zambiri kuposa zawo, masaya onse awiri mpaka pachipumi. Ndinasangalala mumtima. Ndinakokera ambulera kumbali kwenikweni kuti mzere uliwonse uoneke, ndinajambula, n'kuwaonetsa.

Anayang'ana pang'ono n'kubweza.

"Mwanangu, zanga musazionetse. Chithunzichi chikupita kwa ana anga ku Kitwe. Adzukulu amandifunsa kuti ndinagwa pa waya."

Ndinafuna kutsutsa. Ndinatsegula pakamwa, koma Ambuya anandiyang'ana ndi diso lija limene ndimalidziwa kuyambira ndili mwana, ndipo ndinatseka. Ndinanyamula sitandi n'kuibweretsa pafupi ndi kamera, ambulera pamwamba pang'ono pa mutu wanga, kaylite pamiyendo pawo kuti abweze kuwala kuchokera pansi. Kuwala kukabwera chakutsogolo kumadzaza timaenje tonse, mthunzi umasowa pokhala. Mphini zinazimirira, kungotsala ngati kukumbukira. Nkhope inakhala yofewa, yocheperako zaka khumi, ndipo maso anali awo ndithu.

"Wam'fufuta mnzanga," anatero Ambuya ali pa mpasa.

"Nkhope ndi yanga, nkhuku ndi yanga," anayankha mnzawoyo, osatembenuka n'komwe. "Kopanso china, mwanangu, ndiseke."

Mabatire a gulu lachiwiri anathera pa mayi wa nambala 10, ndipo womaliza tinamujambula pakhomo ndi kuwala kwa dzuwa la madzulo, kaylite atagwira Ambuya. Ndinabwerera ku Lusaka Lolemba ndi thumba la nsawa, maungu awiri, ndi nkhuku ija itamangidwa miyendo pansi pa mpando, ikujompha chikwama cha mafulashi kuyambira Sinda mpaka Luangwa.